Ndinatukwana aphunzitsi anga mu Chitchaina ndikuganiza kuti ndikuwayamikira

Abale amene mukukonzekera kupita ku China kukaphunzira, kapena mwayamba kale Chitchaina konkuno, nkhani iyi ndakhala ndikuifotokoza zidutswazidutswa kwa anyamata akandifunsa pa WhatsApp, nde ndaona kuti bola ndingoilemba yonse kamodzi. Ndi nkhani ya ma chengyu, timawu tachitchaina tokhala ngati miyambi. Ngati simunakumane nawo musadandaule, akukudikirani kutsogoloku.

Ndinafika ku Wuhan mu September 2017 pa sikolashipi ya boma la China. Ulendo wake unali Lilongwe, Addis Ababa, Guangzhou, kenako sitima yothamanga ija maola ngati anayi, ndipo Chitchaina chonse chimene ndinali nacho m'mutu chinali ni hao ndi xiexie basi. Chaka choyamba chinali cha chiyankhulo chokhachokha, m'mawa mpaka masana. Ndisaname, zinandiyendera. Ma toni anayi aja amene azungu m'kalasi mwathu ankalira nawo ine sanandizunze kwambiri, paja ifenso timasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga ndi kakwezedwe ka mawu chabe, khutu linazolowera kale. Mu June 2018 ndinakhoza HSK 4, gawo lachinayi la mayeso a Chitchaina a anthu akunja, lomwe nthawi imeneyo linali la mawu 1200, ndipo apa mpamene kudzimva kunayambira.

Chengyu woyamba ndinakumana naye pa pepala langa lomwe. Tinalemba kachimangirizo, ine n'kumaliza bwinobwino kenako n'kuwonjezera ndime ina yobwereza zomwe ndanena kale kuti pepala lidzaze. Laoshi wathu, ndiye kuti mphunzitsi, mayi wachikulire wodekha kwambiri, anadula ndime yonseyo ndi cholembera chofiira n'kulemba zilembo zinayi pambali: 画蛇添足, hua she tian zu. Zilembo zonsezo ndinkazidziwa, kujambula, njoka, kuwonjezera, mapazi. Koma njoka ikutani pa chimangirizo changa chonena za msika? Ndinangoti kakasi. Mawa lake anatifotokozera. Kalekale m'dziko la Chu, lomwe ndi dera lomwelo la Hubei kumene tinali, antchito anapatsidwa mtsuko umodzi wa mowa, wochepa kuti onse amwe, nde anagwirizana kuti aliyense ajambule njoka pansi, woyamba kumaliza amwe yekha. Wina anamaliza msanga, n'kunyamula mtsuko, poona kuti anzake akadali kutali anati dikirani ndiyikenso miyendo. Mnzake anamaliza, n'kumulanda mtsuko uja akuti njoka ilibe miyendo, chimene wajambulacho si njoka. Nkhaniyi ili m'buku lakale lotchedwa Zhanguo Ce, la zaka zoposa 2000 zapitazo, koma mpaka lero mphunzitsi akungoilemba ndi zilembo zinayi ndipo mwana wa pulayimale amva.

Ma chengyu ndi amenewo. Ambiri ndi a zilembo zinayi, ambiri ali ndi nthano kumbuyo, ndipo galamala yake ndi ya Chitchaina chakale nde ukamawerenga liwu ndi liwu sutolapo kanthu. Zili ngati ife tikangoti "walira mvula…" n'kusiyira pomwepo, mnzako amadziwa yekha kuti matope akubwera. Kungoti iwowa anafupikitsa zonse mpaka kalekale.

Ndinawakonda tsiku lomwelo, koma ndinawakonda molakwika. Ndinaona kuti ukaponya chengyu mmodzi pocheza, Atchaina amadzidzimuka, "wa, Chitchaina chako ndi chabwino bwanji," ena mpaka kukujambula pa foni. Kutamidwa kumakoma aise. Tchuthi cha July ndi August anzanga ena anapita kukaona Shanghai, ena ku Yiwu kukasaka katundu wotumiza kumudzi, ine ndinadzitsekera mu hositelo ndi kutentha kwa ku Wuhan kuja, amene anakhalako akudziwa, mzinda uja amautcha ng'anjo ndipo sanama, Nsanje ichepa. Ndinagula dikishonale ya ma chengyu ndi mabuku ena awiri, ndi makadi opanda kanthu mapaketi angapo, zonse pamodzi pafupifupi 200 yuan pa ka 2500 yuan kamene tinkalandira pamwezi. Tsiku lililonse ma chengyu khumi. Kutsogolo kwa khadi zilembo, kumbuyo pinyin, katchulidwe kake m'zilembo zathuzi, ndi tanthauzo la Chizungu la mawu awiri atatu lomwe ndatenga pa Pleco, dikishonale ya pa foni. Nthano zake ndinkazidumpha, ndimati zikundichedwetsa. Zitsanzo za ziganizo ndinkazidumphanso. Pofika kumapeto kwa August ndinali ndi makadi pafupifupi 600 omangidwa ndi malabala m'katoni ya nsapato.

Pamenepa mpamene ndinalakwitsa, ndipo ndikanakonda munthu akanandigwira dzanja nthawi imeneyo. Pleco ndi yabwino, mpaka pano ndimaigwiritsa ntchito, vuto linali ine. Tanthauzo la Chizungu limakuuza za chimene chengyu akukamba, koma silikuuza nthawi zonse ngati mawuwo ndi otamanda kapena onyoza, komanso ngati ndi onenera wekha kapena onenera mnzako. Ndipo pamene dikishonale inalembapo kachidule kochenjeza, ine sindinkakopera pa khadi chifukwa malo anali ochepa.

Pa 10 September ku China ndi tsiku la aphunzitsi, Jiaoshijie. Chaka chimenecho linali Lolemba. Kusukulu kwathu anakonza kamwambo ka ophunzira akunja ndipo anandisankha kuti ndiyankhule m'malo mwa anzanga, poti ndinali nditatchuka kuti "wa ku Malawi uja wa ma chengyu." Ndinalemba zoyankhula zanga usiku awiri, mphindi zitatu zokha koma ndinathiramo ma chengyu khumi ndi anayi. Mnzanga wina wachitchaina amene tinkamenya naye mpira anati bwera nazo ndizione kaye, ine ndinakana, ndimafuna ndiwadabwitse onse. Safunsa anadya phula.

Tsikulo ndinavala shati ya chitenje imene amayi anandisokera pochoka. Mkulu wa dipatimenti anayankhula koyamba, anthu n'kuwomba m'manja, kenako ine. Ndinayamba ndi kuthokoza mkulu uja, ndikuti zikomo bwana chifukwa cha pao zhuan yin yu. Pa khadi langa ndinalemba kuti ndi kuyamba kuyankhula kuti ena atsatire ndi maganizo abwino. Ndinaona aphunzitsi awiri kutsogolo akuyang'anana koma ndinati mwina agoma. Ndinapitiriza, mawu akutuluka bwinobwino, ma toni ali m'malo. Kenako ndinatembenukira kwa laoshi wathu uja, dzanja pamtima, ndikuti laoshi wei le women chu xin ji lü, kutanthauza kuti, m'mutu mwangamo, aphunzitsi akhala akutiganizira usana ndi usiku. M'holo monse munangoti zii. Kumbuyo mtsikana wina wachitchaina wothandiza ku ofesi anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi fayilo. Laoshi anangoweramitsa mutu akumwetulira pang'ono. Ndinamaliza, anawomba m'manja mwaulemu, ine n'kukhala pansi mtima ukugunda chifukwa ndinadziwa kuti pali chimene chavunda koma osadziwa kuti ndi chiti.

Mnzanga wa mpira uja ndi amene anandimasulira madzulo tikudya, akuseka mpaka misozi. Pao zhuan yin yu ndi kuponya njerwa kuti ukope mwala wamtengo wapatali wa jade. Ndi mawu odzichepetsa, umanena za iwe mwini, kuti zangazi ndi njerwa chabe, ndangoyamba kuti inu anzeru mubweretse zenizeni. Ine ndinauza mkulu wa dipatimenti pamaso pa anthu kuti zoyankhula zake zinali njerwa, jade ndi ineyo amene ndikubwera. Nanga chu xin ji lü? Ndi kuganizira chinthu nthawi yaitali inde, koma kuganizira chiwembu, ngati munthu amene wakhala miyezi akukonza zolanda munda wa m'bale wake. Amene ndinkafuna ndi ou xin li xue, kudzipereka mpaka kutha magazi, amene amanenera aphunzitsi ndi makolo. Onse awiri anali m'katoni mwanga, makadi oyandikana, ndipo kumbuyo kwake ndinalemba zinthu zofanana.

Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze bwino. Ndinasiya mbale ya zakudyazo osamaliza. Kwa sabata yathunthu ndinkadutsa njira yakuseri kuti ndisakumane ndi mkulu uja, m'kalasi ndinkakhala kumbuyo, ndipo anyamata a ku Ghana ndi Tanzania anandipatsa dzina loti Jade lomwe silinachoke mpaka ndinamaliza sukulu. Chinandipweteka kwambiri si kusekedwa, koma kuti mayi uja anali atandithandiza zambiri, nthawi imene ndinadwala chimfine choopsa m'nyengo yozizira yoyamba ndi iwo anandiperekeza kuchipatala n'kumandimasulira, nde malipiro ake n'kuwatchula wachiwembu pagulu.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo pomwepo. Ayi ndithu. Ndinapepesa mwachidule pa WeChat, iwo anayankha kuti mei guanxi, palibe vuto, ine n'kubwerera ku makadi anga, kuganiza kuti vuto ndi loti sindinaloweze mokwanira. Mu December ndinalemba HSK 5, 550 yuan. Ndinalowa ndi chidaliro chonse. Mayeso aja nthawi imeneyo anali ndi mawu 2500 ndipo ma chengyu analimo ochepa kwambiri, ankachuluka ku HSK 6, chimene ankafuna ndi mawu wamba ndi kuwerenga mothamanga. Gawo lowerenga nthawi inandithera ndisanafike kumapeto, mafunso omaliza ndinangodetsa mwachisawawa. Gawo lolemba ankakupatsa mawu asanu kuti upange kankhani ka zilembo ngati 80, ine ndinataya mphindi zambiri ndikufunafuna poti ndilowetse chengyu. Zotsatira zitatuluka ndinali pansi pa 180 pa 300 imene dipatimenti yathu inkafuna. Ndalama inapita, komanso mwayi wina wa ntchito yomasulira pa tchuthi umene unkafuna setifiketi imeneyo unandidutsa, ndinadikira miyezi ina isanu ndi umodzi.

Nditalephera mpamene ndinapita kwa laoshi ku ofesi kwawo, katoni yanga ya nsapato m'manja. Anatsegula, n'kutenga makadi angapo, kuyang'ana kutsogolo, kuyang'ana kumbuyo, osayankhula. Kenako anasolola limodzi n'kundipatsa kuti werenga. Linali 拔苗助长. Ndinawerenga ba miao zhu chang. Anapukusa mutu, akuti chilembo chomalizacho pano ndi zhang, kukula, osati chang, kutalika. Chenjerani nazo zimenezi, zilembo zina zili ndi matchulidwe awiri ndipo mu ma chengyu ndi momwe zimakutchera msampha. Kenako anafunsa ngati ndikudziwa nthano yake, ine ayi. Akuti ili m'buku la Mengzi. Munthu wina wa m'dziko lakale la Song ankada nkhawa kuti mbewu zake sizikukula, nde anapita kumunda n'kumasolola mmera uliwonse m'mwamba pang'ono. Anafika kunyumba ali wefuwefu n'kuuza abale ake kuti lero ndatopa, ndathandiza mbewu kukula. Mwana wake anathamangira kumunda, anapeza zonse zafota. Laoshi anabweza khadi lija m'katoni n'kundifunsa, "Kwanu mumalima chiyani?" Ndinati chimanga. Akuti nde ukudziwa kale.

Ndinaseka koyamba pa nkhani yonseyi, chifukwa ndinaona bambo anga m'maganizo atandipeza ndikukoka chimanga cha masabata awiri kuti chitalike, khofi yake ikanamveka mudzi wonse. Mwa njira, anthu a ku Song amenewa m'mabuku akale ankawasandutsa choseketsa. Mlimi uja wa shou zhu dai tu, amene kalulu anadziwombetsa pachitsa n'kufa iye n'kusiya khasu kumadikirira pachitsapo kuti kalulu wina abwerenso, nayenso anali wa ku Song, nkhani yake ili mu Han Feizi.

Zimene anandiuza kuchita zinali zosavuta mpaka ndinakhumudwa nazo. Ma chengyu atatu pa sabata, osapitirira. Aliyense ndiyambe ndi nthano yake, ndipo anandiuza kuti ndigule timabuku ta ana a pulayimale ta chengyu gushi, ta zithunzi ndi pinyin pamwamba, totchipa kwambiri kuposa dikishonale yanga ija. Kenako ndifunse kuti ndi baoyi, wotamanda, kapena bianyi, wonyoza, kapena wapakatikati. Kenako ndifunse kuti amanena ndani kwa ndani. Ndipo ndisamugwiritse ntchito mpaka nditamumva Mtchaina akumunena kapena kumuona m'nkhani yeniyeni kawiri. Lamulo lomalizali ndi limene linandipulumutsa kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti theka la makadi anga anali mawu a m'mabuku amene munthu sangawanene pogula ndiwo, zinali ngati mlendo wabwera ku Lilongwe n'kumayankhula Chichewa cha m'Baibulo lakale mu minibasi ya ku Area 25.

Amene anthu amanenadi tsiku ndi tsiku ndi ena, ndipo ndinali ndikuwamva kale osawalabadira. Ayi wa pa hositelo, mayi woyang'anira nyumba, akasuzumira m'chipinda mwathu ankangoti luan qi ba zao, kutanthauza kuti zinthu zili mbwee. Ukafunsa munthu kuti mayeso ayenda bwanji amati mamahuhu, choncho basi. Siteshoni ya sitima nthawi ya tchuthi ndi ren shan ren hai, anthu phiri anthu nyanja. Wina akachita zosamveka amati mo ming qi miao. Yambani ndi amenewa. Komanso kanthu kena kakang'ono, mnzanu akamakwera ndege ambiri sakonda kuti muwauze yi lu shun feng, mphepo ikukankheni kumbuyo, amati ndege imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo, nenani yi lu ping an. Ine ndinauzidwa pa eyapoti.

Chimene ndinawonjezera ndekha, ndipo ndikuona kuti ife tili ndi mwayi pamenepa, ndi kusiya Chizungu kumbuyo kwa khadi n'kumalemba mwambi wathu. Gu zhang nan ming, chikhatho chimodzi sichiwomba m'manja, ndinalemba chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo sindinamuiwalenso. Ji shao cheng duo, pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwambi umabwera ndi nkhope ya munthu amene amaunena ndi nthawi imene amaunena, zimene liwu la Chizungu silinkandipatsa. Koma osakakamiza. Bu chi xia wen ndinafuna kumufanizira ndi safunsa anadya phula, laoshi anandiletsa, akuti xia ameneyo ndi pansi, ndi munthu wamkulu wosachita manyazi kufunsa wamng'ono, nde ukanena kuti ine ndimafunsa aphunzitsi bu chi xia wen wawaikanso pansi pako. Ndikanagwanso m'dzenje lomwe lija.

Chaka chatsopano chawo cha 2019 chinali pa 5 February, ndipo mnzanga wa mpira uja ananditenga kwawo kumudzi kufupi ndi Jingzhou, dera limene kunali likulu la Chu kalelo. Kuzizira kwake kosanena, m'nyumba tinkakhala ndi majekete. Patebulo panali nsomba yathunthu, ine n'kuyamba kuikumba mwamphamvu ngati chambo cha ku Mangochi, mnzanga kundigunda mwendo pansi pa tebulo. Nsomba ija samaimaliza, chifukwa nsomba ndi yu ndipo zotsala ndi yu, nian nian you yu, chaka ndi chaka pazikhala zotsala. Titadya ana anayambitsa chengyu jielong, masewera oti wina anena chengyu, wotsatira ayambe wake ndi chilembo chimene mnzake wathera. Yi xin yi yi, wina yi qi feng fa, wina fa yang guang da, wina da tong xiao yi, kumangopita choncho, wokanika amwe kapena ayimbe. Ine wa makadi 600 ndinatuluka ulendo wachiwiri, mutu unangoima. Amene anatimaliza tonse anali agogo ake aakazi, nainai, amene sukulu sanapite nayo patali, atakhala pakona akusenda njere za mpendadzuwa, akungoponya mmodzi mmodzi osaganiza n'komwe, ndipo ena ankawatsatiza ndi kankhani ka munthu wa m'mudzimo amene zinamuchitikira. Ndinakumbuka agogo anga ku Dedza, amene sanalowezepo mwambi ndi umodzi womwe pa pepala koma ukalakwa amakupatsa woyenera pomwepo.

Nditabwerera ku Wuhan ndinasankha makadi osakwana 100 amene ndinali nditawamvadi pakamwa pa anthu, otsalawo ndinapatsa ayi wa pa hositelo uja kuti akataye ndi mapepala ena. Nthawi imene ndinkathera pa makadi ndinaipereka ku kuwerenga nkhani wamba ndi wotchi pambali, ndi kulemba timankhani ta zilembo 80 topanda chengyu ndi mmodzi yemwe. Ndinalipiranso 550 yuan ina pakati pa 2019 ndipo ulendo uno ndinakhoza, osati mochititsa kaso koma ndinadutsa bwino. Ndikawerengera zonse, mabuku, mayeso kawiri, ntchito ija inandidutsa, ndi tchuthi chathunthu chimene ndinakhala ndikutuluka thukuta m'chipinda anzanga akuona dziko, kudzionetsera kuja kunandidyera zambiri.

Pa 10 September 2019 sanandisankhe kuyankhula, ndipo sindinadandaule. Ndinagula kakhadi ndi duwa limodzi, n'kulemba mzere umodzi wokha, tao li man tian xia, mapichesi ndi maplamu adzaza dziko lonse, mawu amene amanenera mphunzitsi amene ophunzira ake ali ponseponse. Ndisanalembe ndinafunsa anthu atatu osiyana, mnzanga wa mpira, mtsikana wa ku ofesi uja anaseka, ndi ayi wa pa hositelo. Ndinasiya pa desiki pawo iwo kulibe. Madzulo foni inalira, WeChat, laoshi. Anajambula khadi lija n'kulemba pansi pake kuti zikomo, ndamva kuti wafunsa anthu atatu, chaka chino ndiwe amene wachita chu xin ji lü.